Zomera zowonjezera m'chakudya cha nkhuku za mazira: kodi zimaletsadi kusosolana nthenga?

Kholalamazira:
Moni nonse akuluakulu. Tiunikireko limodzi nkhani ya zowonjezera zochokera ku zomera, poti masiku ano mapaketi ambiri okhala ndi zitsamba zonunkhira monga oregano ndi thyme, kapena adyo, amalembedwa kuti amakhazika nkhuku mtima pansi. Tiyerekeze khola la nkhuku zofiira 300, za masabata 30, zowetedwa pansi pa utuchi. Zikuikira bwino, koma zayamba kusosolana nthenga pamsana ndi patsinde pa mchira, ndipo munthu akangolowa zimabalalika ndi mantha. Kodi chilipo chomera chimene chingathetse zimenezi? Ngati chilipo, muyezo wake ndi wotani pa thumba la makilogalamu 50?

Mlangizi wa Nkhuku:
Achimwene, tisanafike pa muyezo, tiyambe taona kuti kujompha kwake n'kotani, chifukwa sikofanana konse. Kulipo kujompha kofatsa, kongolawa nsonga za nthenga, kumene yojomphedwayo siisuntha n'komwe. Kulipo kwa ndewu, kolunjika kumutu ndi pa lipombo, kolimbirana ukulu kapena malo odyera. Kulipo kojompha potulukira dzira, kumene kumapha msanga. Ndiye kulipo kumene mwafotokozaku, kogwira nthenga mwamphamvu n'kuizula, nthawi zambiri n'kuimeza. Kumeneku si ndewu ayi. Ndi khalidwe lofunafuna chakudya limene lasowa kolowera. Nkhuku inalengedwa yopalasa ndi kujompha pansi kwa maola ambiri patsiku. Ikakhuta m'kanthawi kochepa, pansi n'kukhala pouma gwa kapena ponyowa pomata, mlomo umapita pamsana pa inzake.

Choncho muyeze khola kaye. Malamulo a European Union, amene ambiri amatengerako muyezo, salola nkhuku zoposa 9 pa sikweya mita imodzi m'makola a pansi. Amafunanso masentimita 15 a mtanda wogonapo pa nkhuku iliyonse, chisa chimodzi pa nkhuku 7, masentimita 10 a chodyera chachitali pa nkhuku, ndi kampopi komwera kamodzi pa nkhuku 10. Pa nkhuku 300 ndiye kuti masikweya mita osachepera 34, mitanda yokwana mamita 45, zisa 43, chodyera cha mamita 30 ndi timipopi 30. Chimodzi mwa izi chikaperewera kwambiri, palibe tsamba limene lingakonze.

Wosakaniza Zakudya:
A Mlangizi anena zoona, ndipo ine ndiwonjezere za m'thumba lenilenilo. Yang'anani pansi m'kholamo. Ngati nkhuku zili ndi zipala pamsana koma pansi palibe nthenga ngakhale imodzi, ndiye kuti zikudyedwa, ndipo muyambe kukayikira chakudya.

Zinthu ziwiri zimene zimaperewera kawirikawiri ndi mchere ndi methionine, mtundu umodzi wa amino acid, timagawo timene timapanga mapuloteni. Nkhuku yoikira imafuna sodium wa pakati pa 0.16 ndi 0.18 peresenti, zomwe zimabwera mukathira mchere pafupifupi makilogalamu 3.5 pa tani, kapena magalamu 175 pa thumba la makilogalamu 50. Mchere ukaiwalika pa kusakaniza kumodzi kokha, m'masiku ochepa mazira amatsika ndipo kujomphana kumabuka. Ukachuluka, nkhuku zimamwa kwambiri, zitosi zimachita madzi, utuchi n'kunyowa. Methionine naye ndi wofunika poti nthenga zimapangidwa ndi keratin, amene amadalira amino acid wokhala ndi sulfur, monga methionine yemweyu. Soya ali ndi mapuloteni ambiri koma methionine wake ndi wochepa, n'chifukwa chake chakudya chochokera ku zomera zokha chimafuna kuwonjezeredwa. Mukhoza kukhala ndi mapuloteni 17 peresenti papepala koma methionine ali pansi pa 0.4 peresenti, nkhuku n'kumadyana nthenga.

Chenjezo lina n'lakuti chilichonse chimene mukuthira m'chakudya chosakaniza kale chikuchotsa malo a china. Mukasakaniza makilogalamu 10 a ufa wa masamba ndi makilogalamu 90 a chakudya, mphamvu, methionine ndi kashiamu za m'chakudya chija zatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo masambawo sabwezera zonse. Nkhuku imadya magalamu 110 mpaka 120 okha patsiku, ndipo m'menemo iyenera kupezamo pafupifupi magalamu 4 a kashiamu. Malo ongotaya mulibe.

Mayi wa Misoti:
Komatu musaiwale kuti khalidweli nthawi zambiri limayamba nkhuku zisanaikire. Msoti umene unakula opanda utuchi wopalasa m'masabata oyamba umafika m'khola loikira utazolowera kale kujompha nthenga. Pa masabata 30 mukungoona zipatso zake. Kusamutsa pa masabata 16 kapena 17 ndi nthawi inanso yoopsa, makamaka chakudya, zomwera ndi kuwala zikasintha tsiku limodzi.

Ngati mukufuna chomera chimene chimagwiradi ntchito pa khalidwe, ndi chomera chojompha, osati chothira madontho. Mangani mtolo wa lucerne (msipu wa ziweto wa mtundu wa nyemba) wouma mu ukonde, kapena kolekani kabichi wathunthu pa chingwe kuti afike pa msinkhu wa mutu wa nkhuku. Masana muziwaza magalamu 3 mpaka 5 a njere pa nkhuku iliyonse mu utuchi kuti zipalase. Musapyole pamenepo, zingasiye chakudya chenicheni. Muziika m'malo angapo, chifukwa mtolo umodzi pa nkhuku 300 umangoyambitsa kukankhana. Ndipo mukayamba musasiye mwadzidzidzi. Nkhuku yozolowera kupeza chojompha ikachisowa imakwiya kuposa imene sinachionepo.

Wosakaniza Zakudya:
Mayi mwakhudza mfundo imene ndimaikonda kwambiri. Ulusi wa m'zomera umene susungunuka, monga makoko a oats (mbewu yonga tirigu) kapena mapesi a lucerne, umachedwa mu nthutumba. Nthutumba imagwira ntchito kwambiri, imakula, chakudya chimaperedwa bwino, ndipo nkhuku imamva kukhuta kwa nthawi yaitali. Ambiri amaganiza kuti nkhuku yodya nthenga ikufuna mapuloteni okha, koma nthenga mu nthutumba imagwiranso ntchito ngati ulusi womwewo. Makoko a oats okwana 3 mpaka 5 peresenti, osaperedwa kwambiri, ndi poyambira pabwino, bola chakudyacho chiwerengedwe mwatsopano kuti mphamvu isatsike. Mukawagaya kukhala ufa wosalala phindu lake latha, poti chofunika ndi kukhakhala kwake.

Chakudya cha ufa chimachedwetsa kudya kuposa cha mapeleti, ndipo izi zokha zimachepetsa kusosolana. Pa udzu wobiriwira, muziudula tizidutswa tosapitirira masentimita 5. Udzu wautali umapotana m'kathumba ka pakhosi n'kutseka njira. Payeneranso kukhala timiyala tolimba toperera, kupatula laimu wa zigoba, chifukwa laimu amasungunuka.

Dokotala wa Ziweto:
Ndiyankhe funso la oregano ndi anzake mwachindunji. Chidwi pa zinthuzi chinakula kwambiri kuyambira 2006, pamene European Union inaletsa kuthira maantibayotiki m'chakudya pofuna kukulitsa ziweto. Zimene zimagwira ntchito m'zomerazi zimadziwika: carvacrol mu oregano, thymol mu thyme, cinnamaldehyde mu cinnamon, capsaicin mu tsabola. Mu labotale, carvacrol ndi thymol amaboola khungu la mabakiteriya. M'thupi la nkhuku nkhani imasintha, chifukwa mafuta a zomerazi amayamwidwa msanga kumtunda kwa matumbo, ndipo ochepa okha ndi amene amafika kumunsi kumene kuli tizilombo tambiri. N'chifukwa chake opanga ena amawakuta m'timibulu ta mafuta olimba kuti azituluka pang'onopang'ono.

Ntchito yawo yaikulu ili m'matumbo, osati m'mutu. Nkhuku ya m'mimba mwabwino imatulutsa zitosi zouma, utuchi umakhala wofewa wopalasika, mapazi sachita zilonda, ndipo mwa njira imeneyo khalidwe likhoza kusintha. Koma kunena kuti oregano amaziziritsa mtima wa nkhuku monga amachitira mankhwala ogonetsa n'kukokomeza. Zoyesera za chamomile ndi zitsamba zina zoterezi zimapereka zotsatira zosiyanasiyana, ndipo chifukwa chimodzi n'choti mphamvu ya chomera imasintha malinga ndi mtundu wake, nthaka, nthawi yokolola ndi kaumitsidwe. Mapaketi awiri olembedwa oregano akhoza kusiyana kutali pa kuchuluka kwa carvacrol. Paketi imene sinalembe kuchuluka kumeneku musaikhulupirire.

Kholalamazira:
Zikomo adokotala. Nanga munthu akasankha kuyesabe mankhwala a oregano olembedwa bwino, angasakanize bwanji kuti afike kwa nkhuku iliyonse?

Wosakaniza Zakudya:
Tsatirani muyezo wa papaketi, koma mumvetse kuchepa kwake. Tinene alemba magalamu 200 pa tani. Ndiye kuti magalamu 10 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo nkhuku yodya magalamu 115 ilandira mamiligalamu 23 okha patsiku. Mukangokhuthulira magalamu 10 pamwamba pa mulu n'kutembenuza kawiri ndi fosholo, nkhuku zina zidya muyezo wa nkhuku makumi angapo, zina osalawa n'komwe.

Sakanizani mokwera. Yezani magalamu 10 pa sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, osati ndi supuni. Sakanizani ndi magalamu 100 a ufa wa chakudya chomwecho mu botolo lotseka, mugwedeze mpaka mtundu ufanane. Izi muzithire mu kilogalamu imodzi, kenako mu makilogalamu 5, kenako mu thumba lonse. Ngati ndi mafuta amadzimadzi, yambani mwawasungunula m'supuni zingapo za mafuta a soya, chifukwa akagwera pa ufa okha amapanga timibulu tonunkha kwambiri timene nkhuku zimasiya.

Mafutawa amauluka. Chakudya chosakanizidwa chisakhale kupitirira milungu iwiri, thumba lizikhala lomanga, pamthunzi. Popanga mapeleti kutentha kumafika madigiri 70 mpaka 90, ndipo mafuta osakutidwa amatayika ambiri pamenepo. Yambani ndi theka la muyezo kwa masiku atatu kapena anayi, mukuyeza chakudya chotsala tsiku lililonse. Kudya kukatsika ndi magalamu 5 kapena kuposa pa nkhuku, bwererani m'mbuyo.

Wazitsamba:
Akuluakulu, ndikuona ngati mukuzichepetsa mopyola zomerazi. Zilipo zimene ntchito yake ili poyera. Ufa wa maluwa a marigold uli ndi utoto wachikasu wotchedwa lutein ndipo paprika ali ndi utoto wofiira, zonse zimalowa m'mbali yachikasu ya dzira mkati mwa masiku 10 mpaka 14. Tsabola sawawa kwa nkhuku, poti mbalame sizimva capsaicin monga timamvera ife. Masamba ouma a chamwamba ali ndi mapuloteni oposa 25 peresenti ndi carotene wambiri, ndipo pa 2 mpaka 5 peresenti amalowa bwino m'chakudya. Muziwaumitsa pamthunzi podutsa mphepo kuti asapsye ndi dzuwa. Mukapyola 10 peresenti nkhuku zimayamba kudya mochepa. Yucca schidigera, chomera cha m'chipululu, nayenso amachepetsa fungo la amoniya m'zitosi, ndipo amoniya akapitirira 20 ppm (magawo 20 pa miliyoni) mu mpweya amawononga maso ndi njira zopumira. Kodi zimenezi si umoyo wabwino wa nkhuku? Adyonso musamusiye kunja.

Dokotala wa Ziweto:
Pa yucca, marigold ndi chamwamba tikugwirizana, achimwene, kungoti dzira lachikasu kwambiri limakondweretsa wogula, silinena kuti nkhuku ili pamtendere. Yucca nayenso amathandiza khola limene mpweya ukuyenda kale, sangalowe m'malo mwa mazenera.

Adyo ndiye afunika kusamala. Allicin, chinthu chimene chimapatsa adyo mphamvu, sapezeka mu adyo wathunthu, amapangika mukamusinja, ndipo sachedwa kuwonongeka, makamaka m'madzi ofunda. Madzi a adyo a dzulo ndi fungo chabe. Akachuluka fungo limalowa m'mazira. Vuto lalikulu lili pa zomwera. Nkhuku imamwa madzi pafupifupi kawiri kulemera kwa chakudya chimene yadya, kutanthauza mamililita 200 mpaka 250 patsiku, kukatentha kuposa apo. Madzi akasintha kakomedwe imamwa pang'ono, ndipo yomwa pang'ono imadyanso pang'ono. Zinyenyeswa za zomera zimasiyanso zinthu zoterera m'mapaipi, momwe mabakiteriya amaswana, timipopi n'kutseka. Mukathira chilichonse m'madzi, tsukani mapaipi mukamaliza.

Ndipo ichi ndichinene motsindika: katemera wa m'madzi, monga wa chitopa, ali ndi kachilombo kamoyo. Siyani zowonjezera zonse za m'madzi maola 48 katemera asanaperekedwe. Palibe adyo, alovera kapena tsabola amene amachiza chitopa. Alovera ali ndi madzi achikasu pansi pa khungu amene amatsegula m'mimba, ndiye mukhoza kungowonjezera kunyowa kwa utuchi.

Mayi wa Misoti:
Pali chinthu chimene palibe wachitchula, koma mantha ndi kusakhazikika zimene achimwene anafotokoza poyamba paja zikundikumbutsa nthata zofiira, Dermanyssus gallinae. Masana sizikhala pa nkhuku, zimabisala m'ming'alu ya mitanda ndi zisa, n'kutuluka usiku kudzayamwa magazi. Nkhuku sizigona, zimangodzikanda ndi kupukusa mitu, kukacha zili zokwiya. Zizindikiro zina ndi lipombo lotuwa, timadontho ta magazi pa zigoba, ndi nkhuku kukana kulowa m'zisa.

Lowani ndi tochi maola awiri magetsi atazima, mupukute kunsi kwa mtanda ndi pepala loyera. Mukaona mizere yofiira, zilipo. Kapena pindani katoni wa mabowo, mumumangirire kunsi kwa mtanda masiku awiri, kenako mumukutumulire pa pepala. Kukafunda, kuchokera pa dzira la nthata kufika pa nthata yoikira ndi masiku 7 okha, ndipo zimatha kukhala miyezi ingapo osadya m'khola lopanda nkhuku. Apa ndi pamene nimu amagwira ntchito. Mankhwala opangidwa ku njere za nimu ali ndi azadirachtin, ndipo amapoperedwa m'ming'alu, osati kumwetsedwa. Ayenera kukhudza nthatayo, choncho yambani mwapala fumbi ndi zitosi, ndipo mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7 kuti mugwire zoswa kumene. Kupopera kamodzi n'kungotaya mankhwala.

Ikaninso malo osambira fumbi, a mchenga wosalala wouma. Nkhuku imasamba fumbi pafupifupi masiku awiri aliwonse, kawirikawiri masana, kwa mphindi 20 mpaka 30. Ikamasamba pa utuchi wochepa zinzake zimaijompha nthenga zotukukazo.

Dokotala wa Ziweto:
Mayi, pa nthata pomwepo pali phunziro lalikulu. Mu 2017 mazira mamiliyoni anachotsedwa m'masitolo ku Ulaya, vuto litayambira ku Netherlands ndi Belgium, chifukwa mankhwala opopera nthata amene ankadziwika kuti ndi a zomera anali atathiridwa fipronil, amene saloledwa pa ziweto zodyedwa. Mankhwala otchedwa achilengedwe akamapha nthata zonse tsiku limodzi n'kukhala miyezi osabwerera, funsani zimene zilimo.

Zomera zinanso zimavulaza zokha. Nseche za thonje zili ndi gossypol amene amadetsa mbali yachikasu ya dzira, ioneke yobiriwira moderako, makamaka mazira akasungidwa. Nseche za rapeseed (mbewu yoyengera mafuta) zimabweretsa fungo la nsomba m'mazira a nkhuku zina zofiira zimene thupi lawo silitha kuphwanya trimethylamine. Masamba a lukina ali ndi mimosine, akachuluka kuikira kumatsika. Mapeyala, masamba ndi makoko ake omwe, ali ndi persin amene amawononga mtima wa mbalame. Njere za nsatsi ndi madzi a fodya zisayandikire n'komwe. Ufa uliwonse wa masamba kapena njere wouma mosakwanira umachita chuku, ndipo chuku amawononga chiwindi kuposa phindu lililonse limene tsambalo likanabweretsa.

Mlangizi wa Nkhuku:
Kutentha nako kumachulukitsa kujomphana. Nkhuku imakhala bwino pakati pa madigiri 18 ndi 24. Kukayandikira 30 imayamba kupuma wefuwefu, imataya carbon dioxide wambiri, ndipo bicarbonate wopangira chigoba amachepa, mazira n'kumatuluka a zigoba zopyapyala. Vitamini C wa mamiligalamu 200 pa kilogalamu ya chakudya amathandiza m'nyengo yotere, chimodzimodzi betaine wochokera ku sugar beet (chomera chopangira shuga), koma madzi ozizira ndi mphepo ndiye zoyamba. Onaninso kuwala: maola 16 patsiku, kofanana m'khola lonse. Kadzuwa kolowa pa kabowo n'kuwala pamsana pa nkhuku kamaitana milomo. Zisa zikhale zamdima, kuti yoikira isaonekere potulukira dzira.

Kholalamazira:
Zamveka bwino. Funso lotsiriza: mukasintha zinthu, mungadziwe bwanji kuti chathandiza ndi chomera, osati zina?

Mlangizi wa Nkhuku:
Konzani kaye mchere, methionine, utuchi, nthata ndi malo, mudikire milungu iwiri kapena itatu. Kenako gawani khola pakati ndi waya, nkhuku 150 mbali iliyonse, zosankhidwa mosayang'ana nkhope, zodyera ndi zomwera zofanana. Mbali imodzi yokha ndiyo ilandire chowonjezeracho, kwa milungu 6 mpaka 8.

Tsiku loyamba ndiponso milungu iwiri iliyonse, onani nkhuku 50 mbali iliyonse, kuchokera m'malo osiyanasiyana a khola. Pamsana ndi pakhosi perekani 0 ngati nthenga zili zonse, 1 ngati zathothoka koma chipala sichikufika masentimita 5, ndi 2 ngati chafika kapena kupitirira. Ngati n'kotheka, wowerengayo asadziwe mbali imene ikulandira. Pa khalidwe, khalani phee pamalo amodzi kwa mphindi 10, nthawi yofanana tsiku lililonse loyeza, muwerenge kujompha kozula nthenga kokha. Pa mantha, ikani chinthu chachilendo pansi, monga kamtengo kopakidwa mitundu, muwerenge nkhuku zimene zafika pafupi nacho m'mphindi ziwiri. Muzisintha chinthucho, apo ayi zichizolowera. Lembaninso mazira, chakudya, madzi ndi imfa tsiku ndi tsiku.

Dokotala wa Ziweto:
Powerenga zotsatirazo, musayembekezere kuona misana itadzaza. Nthenga yozuka ndi muzu imamera pakapita milungu ingapo ngati siikuzulidwanso, koma yothyoka pakati imakhala choncho mpaka nthawi yosulula. Chimene muyang'ane n'chakuti chiwerengero cha nkhuku za 2 chasiya kukwera kapena ayi. Ndipo pa nthawi yonse yoyesayi, nkhuku iliyonse yotuluka magazi ichotsedwe ola lomwelo, itsukidwe chilonda ndi madzi a mchere ofunda, ipakidwe mankhwala a zilonda ololedwa pa nkhuku zoikira, ikhale payokha mpaka kufiira kutatha. Poibweza, ibwezeni usiku pa mtanda, ndipo m'mawa mwake muiyang'anire kwa ola loyamba.